Mbale ya Malipiro Oyamba

Kwathu kuli mwambo umene sindinaumvepo m'nyumba ina iliyonse ku Bangwe. Mwana akayamba ntchito, malipiro ake oyamba sawatsegula. Amawaika m'mbale, n'kuvundikira ndi mbale ina, n'kukagwada pamaso pa bambo ake. Bambowo amavundukula, amapemphera, amatapapo pang'ono za mchere, zotsalazo n'kubwezera mwini wake. Tsiku limenelo lisanafike, kholo silidya kanthu kogulidwa ndi ndalama ya mwanayo, ngakhale kasiwiti. Akuti mwambowu anabwera nawo agogo anga aamuna pamene anawoloka malire kuchokera ku Mozambique kudzathyola tiyi ku Mulanje. Kaya anaupeza kwa makolo awo, kaya anangoupeka kuti ana asamathawe ndi envelopu, ine sindidziwa. Chimene ndidziwa n'chakuti ababa anga ankausunga kuposa malamulo khumi aja.

Ababa anagwira ntchito kunjanji unyamata wawo wonse. Sanali oyendetsa sitima ayi, ngakhale anthu ena kwathu kuno ankaganiza choncho ndipo iwo sankafulumira kuwatsutsa. Anali a m'gulu lokonza njanji: kusintha masilipa, mitanda ija imene njanji imagonapo, kumanga mabawuti, kupakira miyala pansi kuti njanji isagwedere. Zinthu zitasintha kukampani ambiri anawapumitsa, iwo ali m'gulu lomwelo. Anabwera kunyumba ndi ovolosi, majombo ndi msana wopweteka. Koma mawu onyoza njanji sindinawamvepo pakamwa pawo. Sitima ikalira ku Limbe, mphepo ikakhala yochokera komweko, ankasiya nkhani pakati n'kutchera khutu, ngakhale akulankhula ndi abusa.

Ana amene anabadwa ine ndisanabadwe anatsogola ali makanda, ndiye ndinakula ndekha. Ababa ankafuna mwana wamwamuna woti adzavale majombo awo, Mulungu n'kuwapatsa ine, wamkazi, wamakani, wa mapazi aakulu. Mapaziwo ndiwo anawatonthoza.

Nditamaliza Fomu 4 ndinakhala pakhomo ndikuthandiza amayi kugulitsa tomato ndi anyezi pamsika. Ndiye kunamveka kuti akufuna achinyamata oti aphunzire kukonza njanji, atsikana omwe. Anthu amaganiza kuti ababa ndi amene anandikankhira kumeneko. Ayi ndithu. Ndinakalembetsa ndekha, n'kudzawauza atanditenga kale. Ndinakula ndikumva za majeke ndi masipanala pa chakudya chilichonse, ndipo nkhani zimenezo zinandilowa m'magazi ndisakudziwa. Tsiku limene ndinawauza, ababa analowa kuchipinda n'kutuluka ndi majombo awo akale aja atawapukuta. Anandikwana.

Maphunzirowo anali a thukuta. Tinkaphunzira kuyeza mpata wa pakati pa njanji ziwiri, kukweza njanji ndi jeke, kuchotsa silipa lowola n'kulowetsa lina, kudula chitsulo ndi kuchiwotcherera. Dzuwa la mu Okutobala likawomba pamiyala ija, kutentha kumachokera pansi ndi kumwamba komwe. Anyamata poyamba ankandiseka. "Chemwali, sipanalayo si mthiko, ikuthyolani msana," wina anatero. Ndinamuyankha kuti iyeyo mthiko sanaugwirepo n'chifukwa chake ali wowonda choncho, ndipo kuyambira pamenepo tinakhala mabwenzi. Ntchitoyo ndinaikonda, ndinene poyera. Panalibe chondisangalatsa ngati kuima pambali madzulo, sitima ya katundu n'kudutsa pamene takonza osagwedera, ife tonse tili chete tikuiyang'ana mpaka ngolo yomaliza.

Pakutha pa mwezi ankatipatsa kandalama kamene eni ake ankakatcha ka sopo. Ababa anagamula msanga kuti kameneko si malipiro. "Ka sopo n'ka sopo. Ugule sopo." Koma za malipiro enieni tinkazikamba tsiku ndi tsiku pa nthawi yopuma, titakhala pamasilipa tikudya chinangwa. Aliyense anali ndi msuweni amene anamva kwa mlamu wake kuti ukangolembedwa, mwezi woyamba ugula firiji, wachiwiri sofa, chaka chisanathe wayamba kuumba njerwa ku Machinjiri. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaonapo ndi maso ake zimene munthu wa kunjanji amalandira. Tinkangogawana mafiriji pamasilipapo.

Tsiku lomaliza tinavala bwino, tinajambulitsa, anatipatsa masatifiketi. Kenako mkulu wina anaimirira n'kunena mwaulemu kuti malo alipo ochepa, atengapo owerengeka, enafe tidikire adzatiimbira foni. Sananame, ndipo sindimusungira chakukhosi. Njanji ndi imodzi, ife tinali ambiri. Koma dzina langa silinatchulidwe. Anzanga anabalalika. Wina anayamba kabaza wa njinga yamoto ku Chilomoni, ena anawoloka kupita ku Mozambique kumene ankamva kuti ntchito za njanji ziliko, ndipo mnzanga wa mthiko uja ndinadzamupeza ku Limbe akugulitsa machaja a foni, satifiketi ili m'chikwama chomwecho.

Ababa sanagwe mphwayi. Sabata yomweyo anapita okha ku Limbe kukagula mbale ziwiri zatsopano, zachitsulo zamaluwa m'mbali, n'kuziika pamwamba pa kabati pamene amayi sakanazifikira. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero. "Njanji siiwala anthu ake." Amayi anayang'ana kumbali. Ankakumbukira bwino mmene njanjiyo inawakumbukirira amuna awo.

Ndinadekha mpaka kudekhako kunayamba kundiwawa. Foni ndinkagona nayo, ndinkapita nayo kubafa. Kenako ndinayamba kuyenda. M'mawa ndinkakwera minibasi mpaka ku Makata n'kumagogoda geti ndi geti m'mafakitale. Alonda anafika pondizolowera. "Za njanji? Kuno kulibe njanji, chemwali, kuno timapanga mabisiketi." Ena ankandimvera chisoni n'kundiuza kuti ndisiye mapepala, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri mwa mapepala amenewo anakulungira zitumbuwa.

Tsiku lina mvula inandipeza ku Ndirande, ndikuyenda wapansi chifukwa ndalama ya minibasi inali itandithera. Ndinathawira m'shedi ya owotcherera pafupi ndi msika. Eni ake anali bambo achikulire a ku Mbayani, Ayao, ovala kachipewa koyera kamene sikankada ngakhale shedi yonse inali mwaye wokhawokha. Anayang'ana majombo anga n'kufunsa kuti mtsikana wa majombo otero akuchokera kuti. Nditawafotokozera, anangonditambasulira mbaula yothyoka mwendo.

"Taonetsani za kunjanjizo," anatero.

Ndinaonetsadi. Ndinakweza moto wa makina monga tinkachitira pa chitsulo cha njanji, ndipo nditangogunditsa, mbaula ya eni ake inabooka chibowo choti n'kulowa chibakera. Bambowo anaseka mpaka kukhala pansi. "Chemwali, iyi ndi mbaula, si sitima. Pamenepa pakhala poto wa nyemba basi." Ndinachita manyazi, ndinatola chikwama kuti ndizipita. Iwo anati ndisachoke ndisanatseke chibowo changa. Ndinachitseka pang'onopang'ono, iwo atandigwira dzanja kundionetsa mmene chitsulo chopyapyala chimafunira kunyengerera. Mvula itakata anandiuza kuti mawa ndibwerenso. Ndinayamba kuwatcha ankolo, monga ankachitira aliyense pamenepo.

Ankolo ankalipira Loweruka, malinga ndi mmene maoda ayendera sabata imeneyo. Loweruka loyamba ndinabwerera ku Bangwe ndi chimwemwe chodzaza tsaya. Ndinalowa m'nyumba, ndinakwera pampando, ndinatsitsa mbale zija. Ababa anali pakhonde ndipo anandiona pawindo.

"Zimenezo n'zakuti?" anafunsa.

"Za ku Ndirande, ababa. Ndalandira."

"Kwa wa mbaula uja?"

"Timapanganso mageti ndi mawindo."

"Bweza mbalezo, mayi." Ankandiitana choncho akafuna kundinyengerera. "Ganyu si ntchito. Ukaika za ganyu m'mbalemo, tsiku limene njanji idzakuitane udzaikamo chiyani? Mbale imeneyi imavundukulidwa kamodzi."

Ndinabweza. Ndinalowa kuchipinda ndikutukwana chamumtima njanji, nkhono ndi maso ake omwe. Madzulo ake ndinagula shuga ndi buledi. M'mawa ababa anafunsa amayi kuti shugayo wagula ndani, ndipo atamva anamwa tiyi wopanda shuga, akumwetulira, ngati kuti ndi mmene amamukondera. Sanachite mwaukali. Kwa iwo, kudya ndalama yanga mbale isanavundukulidwe kunali kundibera madalitso, ndipo ankandikonda kwambiri moti sakanatha kundibera. Zimenezi ndikuzimvetsa lero. Nthawi imeneyo ndinkangoona nkhalamba youma mutu.

Ntchito ya kushedi inali ndi masiku ake. Magetsi akazima tinkangokhala pamafelemu tikuyang'ana anthu odutsa, ndipo sabata yotero Loweruka lake linkapepuka. Akayaka, phokoso lake mpaka madzulo. Lachisanu masana tinkatseka kuti ankolo apite kumzikiti, ine n'kutsala ndikupenta zimene tamaliza. Masiku oyamba maso ankandiwawa ngati muli mchenga chifukwa cha kuwala kwa moto uja, amayi n'kumandiika timagawo ta mbatatesi yaiwisi pazikope. Ababa ankaona zonsezi koma za ku Ndirande sankafunsa. M'malo mwake, tikatha kudya ankandiyesa mafunso a njanji kuti ndisaiwale. "Wapeza njanji yapindika ndi dzuwa, sitima ili m'njira. Uyamba chiyani?" Ndinkayankha mbatatesi ili m'maso, ndipo ndikakhoza ankawomba m'manja ngati ndagoletsa chigoli. Oyandikana nafe akafunsa za ine, ankawauza kuti mwanayu akudikira kuitanidwa.

Chaka chinatha choncho. Dzanja langa linapepuka, maoda anachuluka, anthu a ku Nkolokosa ndi ku Zingwangwa anayamba kunena kuti geti lawo lipangidwe ndi mtsikana uja. Ndiye m'mawa wina ababa anagwa kuseri kwa nyumba akutsuka mkamwa. Kuchipatala anati ndi sitiroko, yobwera ndi kuthamanga kwa magazi. Anatuluka mkono wamanzere utafa, mwendo akuchita kukoka, pakamwa patapotoka pang'ono. Adokotala anatiuza mosabisa kuti mapilitsi asamadumphitse, kupanda apo ikadzabweranso siidzawasiya. Mapilitsiwo nthawi zina ankapezeka kuchipatala, nthawi zina ankatiuza kuti tikagule kufamase. Tomato wa amayi sakanakwanitsa zimenezo, ndipo zimene ababa anapatsidwa popuma ntchito zinali zitathera kalekale pa malata a nyumba.

Amayi ndiwo anapeza njira. Loweruka ndikatsika minibasi ndinkayamba ndadzera pamsika n'kuwapatsira ndalama pansi pa benchi. Iwo ankazimanga pansonga ya chitenje pamodzi ndi zawo, kuti zinunkhe tomato. Pofika pakhomo ankayambira kumpanda kulengeza kuti lero ndiye tomato wayenda. Kenako mapilitsi ankatulukira, mazira, mkaka, nthawi zina kanyama. Ababa ankagwedeza mutu. "Tomato wa chaka chino ngodalitsika," ankatero, n'kumeza.

Ine ndinkathandiza amayi kuwanyamula popita kubafa, chifukwa anali munthu wa mafupa olemera ndipo amayi okha sakanawatha. Ndinkawapatsa madzi omwera mapilitsi, iwo n'kuthokoza amayi. Zinkandiwawa. Sikuti ndinkafuna kuthokozedwa ayi. Ndinkaopa. Ndikayang'ana mkono wakufa uja ndinkadzifunsa kuti winawu ukadzafanso, mbale ija adzavundukula ndani. Ababa akanatha kutisiya tsiku lililonse ndisanagwade pamaso pawo, ndipo ine ndikanakhala moyo wanga wonse ngati mwana amene sanayambepo ntchito. Maganizo amenewa ankandipeza ngakhale pakati pa phokoso la kushedi.

Foni ija inadzalira nditasiya kale kuidikira. Chaka chimenecho kunagwa mvula yoopsa, ndipo madzi anakokolola njanji kwina kuchigwa. Amene ankaimba anali kapitawo amene anatiphunzitsa. Anati kampani ina yapatsidwa ntchito yokonza malowo ndipo ikufuna anthu odziwa, kwa miyezi yowerengeka, kugona kumsasa komweko. Lole inyamuka ku Limbe Lolemba. Ndinali pakati pa kuwotcherera felemu ya chitseko, ndipo ndinazimitsa makina kuti ndimve bwino. Kenako ndinafunsa za malipiro. Atatchula, ndinawapempha kuti abwereze, poganiza kuti netiweki yadula mawu ena. Sinadule. Zinali zochepa kuposa zimene ndinkapeza kwa ankolo pa mwezi wabwinobwino, zolandira mwezi ukatha, ndipo ntchitoyo ikatha panalibe lonjezo lililonse. "Koma ndi khomo limeneli, mwana wanga," akapitawo anatero. "Ukalowa, mwina adzakuona." Za firiji sanatchule.

Ankolo anamva zonse, chifukwa foni yanga inkalankhula ngati wailesi. Anapitiriza kupala chitsulo kwa kanthawi. "Chemwali, ine sindingakuletseni, n'zimene munaphunzira. Koma ndisakunamizeni, maodawa sangadikire. Mukapita ndiika wina. Mapanga awiri avumbwitsa." Ananena mofatsa, osandiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti nawonso zikuwawawa.

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, ndinawapeza ababa pampando wawo pakhonde. Nditawauza, nkhope yawo inawala mbali zonse ziwiri, yopotoka yomwe. Anafunsa kuti ndi pati penipeni, ndipo nditatchula anati akupadziwa, pali kamlatho, dothi lake ndi lamchenga, anagonapo m'tenti ali mnyamata. Anaitana amayi kuti atsitse mbale azitsuke. Amayi anabwera akupukuta manja n'kuima pakhomo osatsitsa kanthu.

"Akupatsa zingati?" ababa anandifunsa.

Ndinawauza.

"Pa sabata?"

"Pa mwezi, ababa."

"Nanga kwa wa mbaula?"

Ndinawauzanso. Aka kanali koyamba, kuchokera tsiku lobweza mbale lija, kuti afunse chilichonse cha ku Ndirande. Anayang'ana kumsewu nthawi yaitali, kumene azimayi ankadutsa ndi ndowa za madzi.

"Nanga ukapita, mapilitsi angawa azigula ndani?"

"Amenewo ndi a tomato, bambo," amayi analowerera msanga.

"Amayi ake, ine ndafa mkono, sindinafe mutu. Ndi tomato wanji amene amayenda Loweruka lokhalokha? Sabata ija munagona ndi malungo osaponda kumsika, tomato anayendanso yekha."

Amayi anakhala pansi pakhomo pomwepo.

"Ndakhala ndikudziwa," ababa anapitiriza, mawu akutuluka movutikira. "Ndakhala ndikumeza thukuta la mwanayu ngati mbala, m'nyumba mwanga momwe, chifukwa ndikuopa kufa. Ndikameza ndimapempha Mulungu kuti asamuchotsere kanthu chifukwa cha ine."

Zimenezo sindinaziyembekezere. Ife tinkati tikuwapusitsa, osadziwa kuti munthu akudzizunza yekha m'mawa uliwonse ndi kapu ya madzi m'manja. Mkwiyo wonse umene ndinausunga kuyambira tsiku la shuga lija unandithera, kunatsala chisoni chokha. Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo.

"Mukati ndipite, ndipita, ababa."

"Ine ndalankhula zambiri kale. Iwe ukufuna chiyani?"

"Njanji ndimaifuna. Kumaphunziro kuja sindinapite chifukwa cha inu. Koma ndikufunanso ndizikupezani ndikamabwera madzulo."

Anapempha kuti tiwalowetse m'nyumba, ati kunja kwayamba kuzizira, ngakhale kunkatentha. Tsiku lotsatira sanatchule njanji kapena Ndirande. Anadya pang'ono n'kugona chotembenukira kukhoma, amayi ndi ine tikuyenda monyang'ama.

Loweruka m'mawa, ndikumanga zingwe za majombo pakhonde, ndinamva akundiitana kuchipinda.

"Mayi."

"Wawa, ababa."

"Lero ukalandira, usatsegule."

Ankolo za maenvelopu sankazidziwa. Ankangotulutsa ndalama m'thumba, zopindikapindika, n'kukupatsira m'manja poyera. Nditawapempha kuti za lero azikulunge, anandiyang'ana ngati ndayamba misala. Ndinawafotokozera mwambo wonse kuyambira kwa agogo. Anamvetsera osaseka. Kenako anakasamba m'manja pampopi, anapita okha kugolosale ya pafupi kukagula envelopu ya khaki, analowa kuseri kwa shedi kuti ndisaone, n'kubwera nayo atamata. Anandipatsa ndi manja awiri. "Mukawauze bambo kuti wa mbaula akupereka moni," anatero. Ndiye kuti pofotokoza paja dzina limenelo linandipulumuka.

Nditafika kunyumba ndinapeza amayi atayala mkeka pabalaza. Ababa anali pampando atavala jekete la kutchalitchi, mkono wakufa uja amayi ataulowetsa bwinobwino n'kuugoneka pamwendo. Mbale zinali patebulo, zotsukidwa. Ndinaikamo envelopu, ndinavundikira, ndinayenda chogwada kuchokera pakhomo mpaka pamapazi awo. Anavundukula ndi dzanja lamanja, tonse n'kutsinzina.

Pemphero limenelo ababa anali atalikonza kwa zaka, ndipo linkangotuluka lokha. Anathokoza Mulungu chifukwa cha makolo amene anawoloka malire, ndi chifukwa cha mwana mmodzi amene anawasiyira. Kenako anati, "Mumuteteze mwanayu pa ntchito yake. Sitima ikamabwera aziimva ili patali, phazi lake lisakodwe pa..." Anaima. Tinadikira titatsinzina, tikumva wailesi ya oyandikana nafe. Anayesanso. "Mudalitse ntchito ya manja ake, ya... ya..."

"Ya mageti," amayi ananong'oneza.

"Ya mageti," ababa anabwereza. "Ndi mawindo. Ndi mbaula zomwe, Ambuye."

Amayi phwete linawapulumuka, ine n'kutsatira, maso ali chitsinzinire. Nditatsegula ndinaona kuti ababa sakuseka. Misozi inkatsika n'kumadonthera pajekete. Ndinadziwa kuti chimene ataya m'pempherolo, chiyembekezo cha njanji chija, anachisunga kuyambira tsiku limene anaona mapazi anga, ndipo anachitaya chifukwa cha ine, osati chifukwa cha mapilitsi okha.

Anandiika dzanja pamutu. Kenako anauza amayi kuti anyamule linalo aliikenso, ati mwana sadalitsidwa ndi dzanja limodzi. Linali lozizira ndiponso lolemera. Ababa anadzatisiya patapita mvula zingapo, koma kulemera kwa dzanja limenelo ndimakumvabe pamutu panga.

Anang'amba envelopu ndi mano, anasololamo ndalama imodzi n'kupatsa amayi kuti akagule mchere. Zotsalazo anandibwezera m'mbale momwemo.

"Tenga, mayi. Wayamba ntchito." Kenako anawonjezera: "Lolemba pobwera ukadzere kufamase, mapilitsi anga atsala pang'ono kutha."

Kuchokera ku Bangwe kupita ku Ndirande munthu umasintha minibasi ku Limbe. Lolemba m'mawa nditatsika, ndinaiona lole ija itaima pafupi ndi siteshoni, anthu a maovolosi atsopano akukweza majeke ndi matenti. Mnzanga wa machaja uja anali pamwamba, atakhalira chikwama chake. Atandiona anakuwa kuti ndithamange, malo alipo. Ndinamukwezera dzanja n'kuloza minibasi ya ku Ndirande. Palibe anandikakamiza, ndipo akanati ndisankhenso ndikanasankha chomwecho. Komabe ndinalira, kondakitala akundiyang'ana, kuyambira ku Limbe mpaka ku Makata. Pofika ku Ndirande ndinapukuta nkhope ndi mkono wa ovolosi, chifukwa munthu suwotcherera misozi ili m'maso, ndipo geti la eni ake linkayenera kutha tsiku lomwelo.